Webusayiti Yokongola, Makasitomala Ziii: Zomwe Mabizinesi a mu Lilongwe Akuphonya pa Tsamba Loyamba

Zikwangwani zatsopano mu Lilongwe muno zikumabwera ndi kamzere pansi koyamba ndi "www". Yendani mu msewu wa Malangalanga, dutsani ku City Centre, lowani ku Area 10 kapena 43, mukakaona. Kali pa magalimoto a makampani, kali pa timakhadi ta mabizinesi, kali pa mageti a malo ogona alendo. Webusayiti yasanduka ngati tayi, bizinesi iliyonse ikufuna ioneke itavala.

Koma tatengani foni yanu mutsegule ma adiresi angapo mwa amenewa. Ena satseguka n'komwe. Ena amatseguka ngati akukokedwa ndi ng'ombe, kenako n'kukulandirani ndi chithunzi cha azungu ovala masuti akugwirana chanza mu ofesi yomwe mu Lilongwe mulibe. Pansi pake pali "Welcome to our website", kenako masomphenya a kampani, kenako uthenga wa bwana wamkulu. Mwatsika mpaka pansi, bandulo yatsala pang'ono kutha, koma simunadziwebe kuti anthuwa akugulitsa chiyani, pa mtengo wanji, ndipo ali kuti.

Nkhaniyi si yoseketsa ayi. Amene anamangitsa tsamba limenelo analipira ndalama, mwina zangongole, pa nthawi yomwe geni yavuta m'tauni muno. Ndipo ambiri mwa omwe akuyesa mabizinesi a pa intaneti ndi ife tomwe achinyamata, amene tinatopa n'kuponya makalata ofunsira ntchito osayankhidwa. Ndiye tiyeni tikambe mosapsatira. Tsamba loyamba la webusayiti, lija anyamata a makompyuta amati homepage, si malo odzitamirapo. Ndi khonde la shopu. Ntchito yake n'kuyankha mafunso anayi a munthu wodutsa asanapitirire ulendo: mukugulitsa chiyani, ndi zingati, muli kuti, nanga ndikukhulupirireni bwanji?

Mlendo wanu weniweni ali mu minibasi

Vuto limayambira pa tsiku lopereka ntchito. Womanga webusayiti amabwera ndi laputopu n'kukaonetsa bwana mu ofesi momwe muli Wi-Fi yothamanga. Pa sikirini yaikulu zithunzi zikusinthana zokha, zilembo zikuuluka, bwana akumwetulira, cheke n'kusainidwa. Palibe amene amafunsa kuti, nanga pa foni ya Itel kapena Tecno yong'aluka sikirini, munthu atapanikizika mu minibasi ya ku Area 25, zimenezi zioneka bwanji?

Chonsecho kasitomala wake ndi ameneyo. Amalawi ambiri amene amalowa pa intaneti amalowera pa foni, ndipo amawerengera MB iliyonse ngati ndalama ya ndiwo. Mukukumbukira mu 2020 momwe tinakuwira pa Facebook ndi pa Twitter kuti mitengo ya data itsike? Mitengo inasinthako, koma chizolowezi chosamala bandulo sichinatichoke.

Tiyeni tiwerengere. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yabwino chimatha kulemera 4MB kapena 5MB. Mukaika zithunzi khumi pa tsamba loyamba osazichepetsa, ndiye kuti mlendo wataya pafupifupi 50MB pongofuna kuona khomo lanu. N'chimodzimodzi kuimika mlonda pakhomo la shopu kuti azilipiritsa munthu asanaone katundu. Pomwe zithunzi zomwezo zikhoza kuchepetsedwa kufika pa 200KB chilichonse, ndipo pa sikirini ya foni diso silingaone kusiyana.

Kusadekhaku si kwa Amalawi okha. Mu 2016 kampani ya Google inatulutsa zotsatira za kafukufuku wake zosonyeza kuti pa maulendo 100 olowa pa tsamba kudzera pa foni, 53 amathera panjira ngati tsambalo latenga masekondi oposa atatu lisanatseguke. Zaka khumi izi zisanachitike, mu 2006, Gitte Lindgaard ndi anzake a pa Carleton University ku Canada anapeza kuti munthu amagamula ngati tsamba lamusangalatsa m'maso kapena ayi m'gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi, asanaphethire n'komwe. Ngati anthu a netiweki yothamanga ali osadekha chonchi, nanga ife amene netiweki imathawa magetsi akangozima?

Pali chinanso chomwe mabuku akunja sangakuuzeni. Achinyamata ambiri kuno amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Munthu wotere mukamutumizira linki ya webusayiti yanu, amadina, osatseguka. Kuti abwere kwa inu ayenera kugula kaye bandulo ina. Ndiye amene wafika pa tsamba lanu wadzipereka kale. Kumulandira ndi mbiri ya kampani n'kumunyoza.

Funso loyamba: mukugulitsa chiyani?

Aphunzitsi a nkhaniyi ali pa msika wa Tsoka, osati ku yunivesite. Wogulitsa kaunjika sayamba n'kukufotokozerani chaka chomwe anayamba geni. Amakweza jinzi m'mwamba n'kukuwa mtengo. Woitanira pa depoti satchula masomphenya a mwini minibasi, amangotchula komwe ikupita. M'masekondi awiri mwadziwa ngati zikukukhudzani kapena ayi.

Tsamba loyamba liyenera kuchita zomwezo ndi mzere umodzi wooneka munthu asanatsitse chala. Mwachitsanzo: "Makeke a ukwati ndi a tsiku lobadwa. Tili ku Area 47, timabweretsa pakhomo mu Lilongwe monse." Basi. Mawu ochepa, koma anena katundu, malo ndi chomwe kasitomala apindule. Yerekezani ndi mizere ija ya Chingerezi chakuya yonena za "solutions" ndi "excellence", yomwe ingakwane pa tsamba la banki, la garaja ngakhale la sukulu ya mkaka osasintha chilembo. Mawu oti akhoza kunena aliyense sanena chilichonse.

Jakob Nielsen, katswiri wofufuza momwe anthu amagwiritsira ntchito intaneti, anasonyeza mu 2006 kuti anthu sawerenga tsamba ngati buku. Maso amayenda pamwamba kamodzi kapena kawiri, kenako n'kutsetsereka cha kumanzere kumangotola mawu oyambirira. Ndiye chofunika chiikeni pamwamba, ndipo pansi pake pakhale batani limodzi looneka bwino lonena chochita: "Odani pa WhatsApp" kapena "Onani mitengo". Mabatani akachuluka, munthu sadina ngakhale limodzi.

Za chilankhulo, tisamadzinamize. Pa Facebook timagulitsa mu Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi ndipo katundu amayenda. Koma tikafika pa webusayiti timayamba kulemba ngati mayeso a MSCE. Lembani momwe makasitomala anu amalankhulira. Ngati ndi a mabungwe ndi akazembe, Chingerezi chomveka, chachidule. Ngati ndi anthu omanga nyumba ku Area 49, palibe lamulo loletsa kulemba kuti "simenti ilipo".

Funso lachiwiri: ndi zingati?

Apa ndiye pali matenda athu aakulu, "inbox for price". Anayambira pa Facebook, pano alowa m'mawebusayiti, komwe pamalo pa mtengo pamangolembedwa kuti tiimbireni.

Tisawaweruze msanga ogulitsa, zifukwa ali nazo. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700 ku banki. Miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi mlingo woposa 30 peresenti pa chaka. Ndalama zakunja zikusowa, ndipo oitanitsa katundu ku China, Dubai, Tanzania kapena Joni sadziwa kuti oda yotsatira iwadyera zingati. Mu February 2025 tinaona ogulitsa kaunjika akuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kudandaula za mitengo ya mabelo. Munthu wotere ukamuuza kuti alembe mtengo poyera amaona ngati ukumumanga manja.

Koma pali chifukwa china chomwe sitikonda kuchitchula: kutchaja poona nkhope. Wa ku Area 43 mtengo wake, wa ku Kawale mtengo wake. Makasitomala amadziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake mtengo wobisika umanunkha. Munthu akaona kuti palibe mtengo amaganiza zinthu ziwiri: mwina n'zodula kwambiri moti ndichita manyazi ndikafunsa, kapena akufuna aone kaye chithunzi changa cha pa WhatsApp. Ambiri safunsa n'komwe, amangotseka. Wogulitsa amaona okhawo amene abwera ku inbox, koma amene abwerera pakhomo mwakachetechete sawawerenga.

Komanso taganizani nthawi yomwe imatayika. Mauthenga makumi pa tsiku onse akufunsa "zingati?", inu kuyankha mmodzimmodzi, ena n'kungoti "ok" osabweranso. Mtengo wolembedwa umasefa anthu. Amene wakulemberani atauona kale ndiye kuti wagwira kale m'thumba.

Lamulonso lili mbali ya ogula. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC lakhala likukumbutsa amalonda kuti aziika mitengo poonekera, ndipo lamulo latsopano la bungweli la 2024 linalimbitsa chitetezo cha ogula. Shopu ya pa intaneti ndi shopu ndithu.

Nanga kwacha ikapitiriza kuvina? Njira ilipo. Lembani mtengo pamodzi ndi tsiku: "Mitengo iyi ndi ya sabata ino". Pa ntchito yosiyanasiyana kukula, monga keke, kusoka kapena kujambula zithunzi pa ukwati, lembani poyambira, kuti "kuyambira mwakuti". Chachikulu, mwini bizinesi azitha kusintha mtengo yekha pa foni yake, osati kudikira mnyamata wa makompyuta amene sakuyankha foni. Webusayiti yomwe simungathe kusinthapo mtengo mu chuma cha Malawi cha lero ndi kalendala ya chaka chatha.

Funso lachitatu: muli kuti?

Lilongwe ndi mzinda wosokoneza ngakhale kwa eni ake. Manambala a ma Area satsatana ndi malo: Area 43 yagundana ndi Area 10, osati ndi Area 44 monga mlendo angaganizire. Area 47 ili ndi ma sector ake, Area 18 ili ndi A ndi B, Area 25 ili ndi A, B ndi C. Misewu yambiri, ngakhale ili ndi mayina, palibe amene amaitchula. Bungwe la MACRA linayamba ntchito yopereka ma adiresi m'dziko muno, koma mpaka lero timalondolerana kuti "mukadutsa filling station, mukhote kumanja, geti lachitatu lakuda".

Ndiye n'zodabwitsa kuti masamba ambiri pa malo a adiresi amalemba "P.O. Box". Abale, munthu angakagule matailosi mu bokosi la ku positi? Tsamba loyamba likufunika zinthu zitatu: kalozera wa Google Maps woti munthu akadina amutsogolere mpaka pakhomo, malangizo a mawu monga timalondolerana ife, ndi chithunzi cha geti kapena cha kutsogolo kwa shopu. Onjezani nthawi yotsegula ndi yotseka, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Ndi mtengo wa mafuta ndi mizere ya pa filling station yomwe taizolowera, palibe amene akufuna kuchoka ku Area 36 kukapeza geti lokhoma ku Area 12.

Ngati mumatumiza katundu, nenani poyera: mumafika kuti, wakabaza amalipira ndani, katundu wa ku Blantyre kapena Mzuzu amatenga masiku angati. Mafunso amenewa ndi omwe amagwetsa dilu pa mphindi yomaliza.

Funso lachinayi: ndikukhulupirireni bwanji?

Ili ndiye funso lalikulu kuposa onse, ndipo ndi lomwe omanga masamba amaliiwala. Palibe Mmalawi wa foni amene sanalandirepo uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Aliyense akudziwa wina amene anatumiza ndalama ya foni, nsapato kapena nyumba ya lendi yoonetsedwa pa Facebook, kenako n'kupezeka kuti wabulokedwa. Ngakhale makadi a foni anayamba kulembetsedwa mu 2018, akathyali sanagone. Ndiye munthu akafika pa tsamba lanu amabwera ndi mantha, ndipo kukongola kwa tsamba sikuchotsa manthawo. Tonse tinakula tikudziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wakuba nayenso amatha kukopera zithunzi zokongola.

Chimene wakuba sangakopere mosavuta ndi umboni woti mulipodi. Zithunzi za shopu yanu yeniyeni, katundu ali pa shelefu, antchito anu ali pa ntchito, ngakhale zitajambulidwa ndi foni wamba, zimagulitsa kuposa azungu a masuti aja. Dzina lomwe munalembetsa ku boma lioneke. Nambala ya foni ikhale yoyankhidwa. Nenani chomwe chimachitika katundu akafika wowonongeka kapena nsapato ikachepa. Ngati makasitomala akale avomera, ikani mawu awo enieni, osati opeka, chifukwa Lilongwe ndi yaing'ono, bodza silichedwa kugwidwa. Lamulo la 2016 loyang'anira zochitika pa intaneti, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limafunanso kuti wogulitsa pa intaneti adziwike bwino kuti ndi ndani ndipo amapezeka kuti.

Kenako kalipiridwe. Masamba ambiri omangidwa potengera akunja amafika pamapeto n'kufunsa khadi la Visa. Ndi angati mwa makasitomala anu amene amagula ndi khadi pa intaneti? Kuno ndalama imayenda pa Airtel Money, yomwe inayamba mu 2012, pa TNM Mpamba, yomwe inabwera mu 2013, ndi pa njira za mabanki monga Mo626. Masiku ano kulinso makampani a konkuno monga PayChangu omwe amalumikiza njira zimenezi ku webusayiti. Zizindikiro za njira zolipirira zioneke pa tsamba loyamba pomwe. Ndipo yesetsani kuti munthu akamalipira, pa foni pake patuluke dzina la bizinesi. Tsamba likunena za kampani ya zomangamanga, koma potumiza ndalama pakutuluka dzina la munthu wina wosadziwika, ngakhale inu mungapitirize? Komwe n'kotheka, lolani kulipira katundu akafika. Kwa kasitomala woyamba, imeneyo ndi njira yachidule yogulira mtima wake.

Pomaliza, chotsani mafomu aataliatali. Munthu akufuna kufunsa za keke, inu mukumufunsa imelo, tsiku lobadwa ndi komwe amagwira ntchito. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, la Data Protection Act, ndiye kutolera zinthu zomwe simukuzifuna n'kudzisenzetsa katundu. Batani lopita pa WhatsApp mwachindunji limamangidwa mphindi zochepa, ndipo ndi komwe Amalawi amamalizira malonda.

Mzinda umodzi, makhonde atatu

Mafunso anayiwa ndi a aliyense, koma kulemera kwake kumasiyana malinga ndi komwe muli.

Ku Old Town, kwa ogulitsa zipangizo zomangira, masipeya a galimoto, nsalu ndi mafoni, kasitomala amafuna kudziwa zinthu ziwiri asanalimbane ndi mzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe: chilipo, ndipo ndi zingati? Tsamba la kuno likhale ngati shelefu. Katundu woyenda kwambiri pamwamba, mitengo, nambala. Pali makasitomala ena omwe amalonda a kuno amawaiwala, abale athu a ku Joni, UK ndi Ireland amene akumanga kumudzi kuno. Ambiri anapsapo potumiza ndalama ya malata kwa achibale n'kumva nthano. Shopu yomwe ingawaonetse mtengo, kuwapatsa lisiti ndi kutumiza chithunzi katundu atafika pa puloti yapeza msika womwe sudutsa pa Malangalanga.

Ku City Centre nkhani ndi ina. Makampani osindikiza, a uphungu, okonza makompyuta ndi operekera katundu m'maofesi amagulitsa kwa munthu amene wauzidwa kuti apeze makotesheni atatu isanakwane 4 koloko. Ameneyu safuna nyimbo. Akufuna aone ntchito zomwe munagwirapo, ngati muli ndi mapepala a msonkho a MRA, ngati munalembetsa ku PPDA kuti muzichita malonda ndi boma, ndi imelo ya kampani yomwe wina amaitseguladi. Kuno mtengo weniweni sungalembedwe nthawi zonse, koma lonjezo loti kotesheni ituluka tsiku lomwelo likhoza kulembedwa, bola lisungidwe.

Ku ma Area a mipanda, 9, 10, 12, 43 ndi 47, mabizinesi ambiri ali kuseri kwa geti: malo ogona alendo, minda yochitiramo maukwati, masaluni, sukulu za mkaka, ophika makeke. Kulibe anthu odutsa wapansi oti aone chikwangwani. Kwa amenewa tsamba loyamba ndiye khonde lokhalo lomwe ali nalo, ndipo makasitomala awo ambiri, monga alendo obwera ku misonkhano ya ku BICC, amayambira kufufuza pa Google. Zithunzi zenizeni za zipinda, mtengo wa usiku umodzi, ndi yankho la mafunso awiri a Lilongwe, magetsi akazima muli ndi jenereta kapena sola, nanga madzi akasiya muli ndi thanki, zimenezi zimadzaza zipinda kuposa ndakatulo zonena za mtima wofunda wa Africa.

Chifukwa chake masamba athu amafa

Tsamba lomangidwa bwino nalonso limafa likasowa mwini. Dzina la webusayiti ndi malo osungirapo zimalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri ndi madola. Ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku, khadi likakana kulipira, tsamba limazima mwakachetechete, mwini wake n'kudzamva kwa kasitomala patapita miyezi. N'chifukwa chake n'kwanzeru kufunsa za makampani a konkuno olandira makwacha, komanso za dzina lothera ndi .mw, lomwe limayang'aniridwa m'dziko momwe muno.

Vuto lina ndi la makiyi. Mabizinesi ambiri sadziwa pasiwedi ya webusayiti yawo, ndipo dzina lake linalembetsedwa m'dzina la amene anaimanga. Mukayambana, kapena mnyamatayo akapita ku Joni, shopu yapita naye. Musanamalize kulipira, onetsetsani kuti dzina lili mwa inu, makiyi muli nawo, ndipo mwaphunzitsidwa kusintha mtengo ndi chithunzi.

Nafenso achinyamata omanga masamba tili ndi mbali yathu. N'zosavuta kutenga template yakunja, kusintha dzina ndi mitundu, n'kulandira ndalama. Kovuta ndi kukhala tsiku limodzi mu shopu ya kasitomala kumvetsera mafunso omwe ogula amafunsa, n'kuwayankha pa tsamba loyamba. Luso lilipo mu mzinda uno, malo ngati mHub akhala akuphunzitsa achinyamata kwa zaka zambiri. Chomwe chikusowa si luso la kompyuta, koma khutu.

Kodi aliyense akufunika webusayiti?

Ayi, ndipo amene angakuuzeni kuti inde akufuna ndalama yanu. Ngati mumagulitsa zovala khumi pa sabata kwa anthu okudziwani, WhatsApp Business, yomwe inabwera mu 2018 ndipo ili ndi malo oikapo katundu ndi mitengo, ikukwanirani. Kulembetsa bizinesi pa Google Maps n'kwaulere. Yambani ndi zimenezo, ndipo mafunso anayi aja muwayankhe pomwepo, pa mzere woyamba wa peji yanu.

Koma dziwani kuti pa Facebook, Instagram ndi TikTok ndinu alendi. Landilodi akhoza kusintha malamulo, kubisa zomwe mwaposita kapena kutseka chitseko osakufunsani. Pa 4 October 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima limodzi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi dziko lonse lapansi, ndipo aliyense amene shopu yake inali mmenemo anangogwira m'chiuno. Tsiku lililonse wina amadzuka n'kupeza kuti peji yake yahakidwa, otsatira onse amene anawasonkhanitsa zaka zitatu apita. Bizinesi ikayamba kukula, ikayamba kufuna makasitomala osakudziwani, mabungwe kapena a kunja, pamafunika puloti yanuyanu. Facebook ndi TikTok zikhale oitanira, webusayiti ikhale shopu, WhatsApp ikhale kauntala.

Mayeso ake ndi aulere

Ngati muli ndi tsamba kale, simukufunika katswiri kuti akuuzeni ngati likugwira ntchito. Zimitsani Wi-Fi. Bwerekani foni yotsika mtengo. Mupatse munthu amene sadziwa bizinesi yanu, kaya ndi azakhali anu kaya wakabaza wa pa siteji, aone tsamba loyamba masekondi khumi okha, kenako mulande foniyo. Mufunseni: tikugulitsa chiyani, ndi zingati, tili kuti, ndipo mungatitumizire ndalama? Akakanika awiri mwa mafunsowa, musakwiye naye. Wakutsina khutu ndi mnansi. Wakuuzani zomwe anthu ambirimbiri anaona n'kungotseka osanena kanthu.

Chuma chikavuta chonchi, kasitomala aliyense ndi wa mtengo wapatali, ndipo amene wagula bandulo kuti afike pakhomo panu wayenda kale theka la ulendo. Musamusiye panja akuwerenga masomphenya a kampani. Muuzeni mtengo, mulozereni geti, mutsegulireni.